Maliro a Thunthu la Nthochi

Ana anga akafuna kundiputa pa Chaka Chatsopano amabwera ndi phava la nthochi, n'kuliika patebulo, kenaka onse n'kuweramitsa mitu ngati ali pasiwa. Amayi awo amaseka mpaka kutsokomola. Ine zimandinyansa, chifukwa nkhaniyi amaikamba mokhotetsa, ngati ndinali chitsiru chopanda mutu. Chitsiru ndinali, sindikukana, koma chitsiru chokhala ndi zifukwa zake. Lero ndiikamba ndekha.

Ndinali mphunzitsi wongotuluka kumene kukoleji, mnyamata wa ku Dowa, boma litandiponya kusukulu ina kufupi ndi Manyamula. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, khadi m'thumba ngakhale popita kumsika. Chaka changa chachiwiri kumeneko, mvula itangoyamba, kunagwa mliri wa kolera. Poyamba tinkangoumvera pawailesi, uli kutali kwa eni ake. Kenaka tinamva kuti wafika ku Mzimba Boma, ndipo odwala awamangira msasa wawo kuseri kwa chipatala. Kenaka unatenga kamtsikana ka m'kalasi mwanga, kamene kankakhala kutsogolo chifukwa cha kufupika. Lachiwiri kankasewera phada pabwalo la sukulu, Lachisanu kanaikidwa ndi amuna anayi okha, a zaumoyo ataima poteropo. Ife sanatilole kupita.

Malamulo anabwera motsatizana. Kusonkhana ayi. Moni wa m'manja ayi. Chindongwa, thobwa la kumeneko, ayi. Mango, amene anali mbwee pansi pa mitengo, ayi. Ingoma ya Chaka Chatsopano, gule wa Angoni akumeneko, imene amuna ankaikonzekera kuyambira chilimwe, inaimitsidwa. Ndipo khomo lililonse likhale ndi chimbudzi: chaka chikangolowa ayufi, anyamata a chipani aja, adzayendera mudzi ndi mudzi, wopezeka alibe akayankha ku Boma.

Titatsekera holide, ahedi anati ulendo wa ku Dowa ndiuiwale, m'basi ndi momwe anthu akupatsirana matenda. Ndinatsala m'kanyumba kanga, ine ndi njinga. Ndinadziuza kuti munthu wophunzira sagonja, ndipo ndinalemba pakhoma ndi choko, zilembo zikuluzikulu: USAKHALE CHABE. Ndinadzipangira ndandanda ya ntchito ngati ya m'kalasi. Madzi akumwa ndinkawiritsa kawiri, poopa kuti koyambako tizilombo tina tinangokomoka. Miyala ya pabwalo la sukulu ndinaipaka njereza yonse. Njinga, imene inalibe vuto lililonse, ndinaimasula mpaka kumateko, ndipo pomanga ndinatsala ndi kanati m'manja kosadziwika kwawo. Ndikakumana ndi anthu panjira ndinkabisa manja kumbuyo n'kukuwa: “Musaope, abale, zitha izi!” Amayi ena ankati mphunzitsi wa Chichewayu ndi wolimba mtima chomene.

Akanadziwa! Ndikangotseka chitseko ndinkakhala pampando n'kumamvetsera m'mimba mwanga. Mukangoti gudugudu, ndinkayamba kuganiza woti ndimusiyire njinga. Tsiku lina nkhuli itandikulira ndinatola bango lakupsa pansi pa mtengo, n'kulitsuka ndi sopo wochapira zovala, n'kulidya likununkha sopo. Sopoyo ananditsegula m'mimba. Ndinalembera amayi kalata yotsanzika, masamba awiri, yomvetsa chisoni zedi. Mmawa mwake ndinadzuka ndi njala ya nkhandwe, kalata ija ndinayatsira moto.

Koma chimene chinkandidya kwenikweni sichinali kolera. Anali mayi a ana angawa, nthawi imeneyo ali mtsikana wa kwaya kutchalitchi, mwana wa mdala wina wa ng'ombe zambiri kutsidya kwa dambo. Ine ndi iwo tinali titamvana kale. Chotsala chinali mawu a mdalayo. Kumeneko mnyamata sapita yekha kwa apongozi, amatuma thenga, munthu womulankhulira, ndipo ahedi anali atavomera kukhala thenga wanga. Anapitako kamodzi, n'kubwera ndi yankho lalifupi: “Tamva. Tidzayankha matenda akapita.” Anabweranso ndi nkhani ina. Thenga wina anali atafikako kale, wa mnyamata wocheka matabwa ku Viphya, mwana wa kumeneko, bambo ake a khola lodzaza. Kwathu ife tinali ndi mbuzi ziwiri, ina yotsimphina.

“Asambizgi,” anatero ahedi, pakuti kumeneko mphunzitsi amamutchula choncho, “si inu Achewa mumati kuona maso a nkhono n'kudekha? Mbwenu dekhani. Khalani phee, nkhaniyi ndi yanga.”

Kudekha! Munthu amene wamasula njinga yabwinobwino mukumuuza kuti adekhe?

Khirisimasi itapita ndinakumana ndi mtsikana uja pamjigo. Tinaima motalikirana, ndowa yake ili pakati pathu. Nkhope inali yakugwa.

“Adada akukana kukumba chimbudzi,” anatero. “Akuti tchire lonseli Mulungu analengeranji. Alongo anga onse ali kuesiteti ya fodya ku Kasungu, pakhomo tatsala akazi okhaokha. Ayufi akabwera awatenga, ndipo adada ndi pakamwa paja, akawayankha zoipa.”

Anangondidandaulira, sanandipemphe kanthu. Koma m'mutu mwanga munayaka nyale. Kwathu ku Dowa mkamwini amaonekera pakhasu. Ukafuna mwana wa eni umapita kukalima, kukafolera nkhokwe, kukamanga mpanda, apongozi n'kumakuonera pawindo kuti uyu sadzagonetsa mwana wathu ndi njala. Ng'ombe ndinalibe, koma msana ndinali nawo. Ndinati wa matabwayo aone. Sindinafunse ahedi, sindinafunse mtsikana, sindinafunse ngakhale mlonda wa pasukulu amene anandibwereka piki. Mwambi wa safunsa anadya phula ndinali nditauphunzitsa Sitandade 5 temu yomweyo.

Tsiku lomaliza la chaka ndinalawirira, piki ndi fosholo pakaliyala, botolo la madzi owiritsa m'chikwama. Ndinapeza pakhomo pali zii. Atsikana ndi azilamu awo anali atapita kukapalira kumunda, mdala atapita ndi ng'ombe kudibi. Ndinakondwa. Ndinati akamabwera apeze ntchito yatha, adzidzimuke.

Malo ndinasankha mwaukatswiri, motsata kapepala ka a zaumoyo: kutali ndi chitsime, kutali ndi khitchini, nthaka yolimba. Pambali pa khola panali malo oyera, opanda udzu, ngati amasesapo tsiku ndi tsiku. Ndinati taonani ukhondo wa anthu awa, ndipo fungo likhale ndi fungo linzake. Pafupi pomwepo panali mulu wa miyala yosanjidwa bwino. Ndinavula shati n'kuiyanika pamiyalapo, botolo langa n'kuliimika pamwamba. Ndinayeza ndi rula ya pabolodi, mafiti asanu ndi limodzi m'litali, atatu m'lifupi, makona owongoka. Mwina mwayamba kuona kale chimene ine sindinaone.

Dzuwa litakwera pang'ono ndinamva mtswatswa kumbuyo. Pocheuka ndinaona amayi ake a mtsikana akuchokera kuseri kwa nkhokwe, manja ali kumutu. Ha! Apongozi aakazi! Mwambo umenewo ndinkaudziwa, kwathu uliko: sumayang'anizana nawo maso, sumayankhulana nawo. Ndinatembenuka msanga, kuwapatsa msana, n'kuweramira pakhasu. Iwonso, pokhala mayi wa ulemu wake, sakanatha kunditchula. Anatsokomola. Ine ndinakumba mwamphamvu. Anazungulira n'kudzaima mbali inayo, ine ndinatembenukanso. Kenaka ndinawamva akukalipira nkhuku m'Chitumbuka, mokweza, kuti ndi nkhuku yanji yopalasa paliponse yosafunsa eni mudzi. Mawuwo ndinawamva bwinobwino, ndipo mumtima ndinavomereza kuti nkhuku za masiku ano n'zamwano. Tinapatsana ulemu choncho mmawa wonse, iwo akuzungulira, ine ndikutembenuka, dzenje likunka pansi. Potsiriza analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Dzuwa litapendeka dzenje linali litandifika pachifuwa. Manja anali matuza okhaokha, koma mtima unali m'mwamba. Ndinali ndikusalaza m'mbali ndi fosholo pamene ndinamva ng'ombe zikulowa m'khola, kenaka mthunzi unandigwera.

Anali mdala. Munthu wamtali, wowonda, atavala jasi lakale la ku Joni ngakhale kunkatentha, ndodo m'manja. Anayang'ana dzenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anayang'ana makona. Anagwedeza mutu ngati munthu amene akuona ntchito yabwino.

“Monire, asambizgi.”

“Yewo, adada,” ndinayankha ndili m'dzenje, ndikuomba m'manja, mano onse panja.

“Mwakumba makora chomene,” anatero. “Kweni mwenecho wachali wamoyo.”

Chitumbuka changa chinali chopunduka, koma izi zinandilowa: mwakumba bwino kwambiri, koma mwini wake akadali moyo. Ataona kuti ndangoti kukamwa yasa, anandithandiza m'Chichewa chake cha kumigodi. Analoza ndi ndodo mulu wa miyala uja.

“Apo mwayanika shati yanu pagona adada anga. Apa mwaima inu ndi panga. Ise Angoni mwini khomo amagona pafupi ndi ng'ombe zake. Tsono ndiuzeni, wakutumani ndani? Mwamva kuti ndadwala?”

Kalanga ine! Kwathu manda ndi msitu, kutali ndi mudzi, woti ngakhale mwana amaudziwa. Ndani akanandiuza kuti manda angakhale pakhomo, moyandikana ndi ndowe? Ndinayamba kufotokoza za kapepala ka a zaumoyo, za ayufi, za tizilombo tosaoneka ndi maso. Mawu ankatuluka mosokonekera. Nthawi yomweyo akazi aja anatulukira kuchokera kumunda, makasu paphewa. Mtsikana uja ataona dzenje, ataona atate ake, ataona ine, anangoti “Mwe!” khasu n'kugwa pansi. Azilamu ake anayamba kulira mokuwa, poganiza kuti kwagwa zovuta ali kumunda.

Kutuluka m'dzenjemo kunandivuta, ndinali nditalisalaza kwambiri. Ndinadumpha kawiri n'kuterereka. Mdala ananditambasulira ndodo yake.

“Dzanja boma lakana,” anatero. “Gwirani iyi.”

Ndinakafika kwa ahedi ndikukankha njinga, shati ili m'manja. Atamva, anavula magalasi n'kukhala pansi pakhonde.

“Ndinati khalani phee, inu mukakumba dindi la apongozi! M'nyengo ya mliri! Mukudziwa kuti mudzi wonse unena kuti mukuwaitanira imfa? Ine ndikayamba ndi mawu ati? Asa!”

Ndinawafunsa ngati za ukwati zathera pomwepo. Anati ndisawafunse zopusa, ndikagule tambala.

Mmawa wa Chaka Chatsopano tinapita awiri, ahedi patsogolo, ine pambuyo ndi tambala kukhwapa. Ine anandisiya pansi pa mtengo wa mango. Anakambirana nthawi yaitali, ndipo ahedi pobwera nkhope inali yosawerengeka. Tambala walandiridwa, anatero, koma dzenje la manda silikwiriridwa lopanda kanthu, limaitana munthu. Muyenera kugona thunthu la nthochi m'malo mwa mwini wake. Izi ndinkazidziwa, kwathunso amatero. Chimene sindinayembekezere n'choti mdala walamula kuti wokumba ndiye adule, ndiye anyamule, ndiye aike, yekha.

Ndinapita kudimba, ndinadula thunthu lalitali ngati munthu, ndinalikulunga m'mphasa yakutha imene apongozi aakazi anaiponya panja osandiyang'ana. Kulemera kwake! Madzi ake ankanditsikira m'khosi mpaka kumsana. Nkhani inali itafala kale. Kusonkhana kunali koletsedwa, ndiye anthu sanasonkhane: banja lililonse linangoima pakhomo pake, ena pachulu, ena m'mphepete mwa chimanga, motalikiranatalikirana, maso onse pa ine. Chaka chimenecho kunalibe ingoma, kunalibe chindongwa, kunalibe kwaya. Chisangalalo chonse cha mudzi umenewo ndinali ine.

Mdala anaima kumutu kwa dzenje, atavula chipewa, nkhope ili gwa. Nditatsitsa thunthu lija anati, “Bwinobwino, asambizgi, mutu uloze uku. Munthuyu anali wofatsa.” Kwinakwake mayi wina anaphulika, mnzake n'kumutseka pakamwa. Nditagwira fosholo mdala anandiimitsa.

“Opanda pemphero? Nanga kwanu mumaika anthu ngati agalu?”

Ndinagwada. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chilichonse chofupika ndithane nazo. Koma poyang'ana mphasa ija ili pansi pa dzenje, ndinaona kamtsikana ka m'kalasi mwanga, kamene kanapita kopanda nyimbo, kopanda ife. Ndinakumbuka mantha anga onse amene ndinawapaka njereza masabata atatu. Ndinaganiza za mtsikana amene ndinali nditamutaya ndi khasu langa lomwe. Pemphero silinatuluke. Ndinalira, abale. Osati misozi yaulemu yotsikira mwakachetechete, ayi, kulira kwa mamina, mapewa akugwedezeka, mphunzitsi wa boma atagwada m'matope kulirira nthochi.

Mudzi unaseka. Anthu amene anali asanaseke chiyambire mliri anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ahedi anatembenukira kukhola, msana ukunjenjemera. Mayi a ana angawa mpaka lero amalumbira kuti iwo sanaseke, koma ndinawaona ndi maso angawa kuseri kwa nkhokwe, ataluma chitenje. Mdala yekha ndiye sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anavala chipewa n'kunena kuti ndikwirire.

Nditamaliza ndinaganiza kuti andithamangitsa. M'malo mwake anandikodola ndi ndodo, tinayenda kumunsi kwa nyumba, ndipo anabaya pansi. Ndinati yewo, adada. Anayenda pang'ono n'kubayanso. Anayendanso n'kubaya kachitatu.

“Zitatu?” ndinafunsa.

“Nanga ine ndingalowe mumodzi ndi akazi a ana anga? Mukufuna tikumane pakhomo? China changa, china cha amayi ndi ana awo, china cha akazi a ana angawo. Si inu mumakonda kukumba?”

Ndinakumba masiku asanu ndi atatu. Matuza anaphulika, ena n'kumera pamwamba pa anzawo. Za m'mimba mwanga ndinaiwaliratu, ndinkangofika kunyumba n'kugwera pamphasa. Tsiku lachinayi kunafika ngolo ya ng'ombe itanyamula matabwa a paini, oyera, osalala, onunkhira utomoni: mphatso yochokera kwa mnzanga wa ku Viphya, amene anamva kuti kwa apongozi kukumangidwa zimbudzi. Iye sanadetse ngakhale chala. Ndipo mukuganiza kuti anakhoma matabwa akewo ndani? Ine. Msomali uliwonse ndinkaumenya ngati ndikumenya mwini wake, ndipo chala changa chachikulu chinalawa hamala kawiri. Ayufi atabwera ndi munthu wa zaumoyo anapeza zimbudzi zitatu za zitseko, zoyamba m'mudzi monse. Anayamikira mdala kuti ndi munthu wachitukuko. Mdala analandira ulemuwo osaphethira, ine nditaima pambali ndi matope mpaka m'makutu.

Mliri unazilala mvula ikupita kumapeto. Sukulu inatsegulidwa, malo a kutsogolo aja n'kukhalapo mwana wina. Kutsidya kwa dambo kunali zii, ndipo ine ndinali nditadziuza kuti zanga zinakwiriridwa limodzi ndi nthochi. Loweruka lina ahedi anaitanidwa ndi mdala. Anabwera madzulo, anaimika njinga, anapempha madzi, anamwa pang'onopang'ono ngati sakundiona kuti ndikufa.

“Akuti matabwa aja ndi abwino,” anayamba, “ayamika chomene.”

Ndinadzuka kuti ndizipita, koma ahedi anapitiriza.

“Akutinso mwana wawo anamufunsa, ndipo akuumirira pa wokumba manda. Ndiye iwo aganiza. Akuti munthu wopanda nzeru amaphunzitsika, ng'ombe zimaswana, koma munthu amene angalirire nthochi choncho, mwana wawo akadzadwala sadzamuthawa. Mbwenu lembani kalata kwa amalume anu.”

Ndinaiwala malamulo onse a zaumoyo. Ndinawagwira ahedi dzanja ndi manja onse awiri.

Mdala anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo sanandipumitse. Ndikafika pakhomo ndi ana ankati, “Bisani makasu, asambizgi afika.” Akangotsokomola pang'ono ankandiyang'ana n'kunena kuti, “Musafulumire.” Alamu anga anatengera, adzukulu ake anatengera. Nthawi zina zinkandipweteka. Ndinkadzifunsa ngati anandikhululukiradi, kapena anangondipatsa mwana wake kuti akhale ndi womuseka wapafupi.

Anamwalira ndi ukalamba, pamphasa pake, m'nyengo yokolola. Tinafika kuchokera ku Boma, kumene ndinkaphunzitsa nthawi imeneyo, tinapeza okumba manda atakhala pambali pa khola, makasu ali pansi, nthaka yosakhudzidwa. Ndinadabwa, chifukwa dzuwa linali litakwera. Mlamu wanga wamkulu anadzuka n'kubwera kwa ine ndi khasu. Maso ake anali ofiira.

“Takhala tikudikira inu,” anatero. “Adada anasiya mawu. Anati pamalo panga asayambe munthu wina. Asambizgi anayamba kale, amalize.”

Ndinavula jekete. Nthawi ino ndinadziwa poti ndisaiike, ndinapatsira mayi a ana anga. Nthaka inali yofewa pamenepo, khasu linkangolowa lokha, ndipo makona anga akale anali akuonekabe m'dothi lofiira.